Ulemu kwa Oyala Mabenchi

Ola lovuta kwa munthu amene wasiya mowa ndi la madzulo, dzuwa likapendeka. M'mawa zinthu zimayendako, poti kuli ntchito, kuli kumunda, kuli minibasi yoti aithamangire. Koma ikangokwana 5 koloko, miyendo imakumbukira yokha njira ya kwa mayi a kachasu kapena ya ku bala ya pasiteji, komwe anzake ayamba kale bawo ndipo malo ake amusungira. Kunyumba nako sikukoka mtima. Mayi a kunyumba sanaiwale ndalama ya feteleza imene idathera m'mavelemoti, ndipo ana akangomva mgugu wa bambo awo, macheza onse amathera pomwepo. Munthu uja amaima pamphambano, kukhosi kuli gwa, manja akunjenjemera, osadziwa kolowera.

Pa ola lomwelo, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, m'kalasi ana ataweruka, kapena pakhonde la chipatala, pamakhala munthu wina amene wafika msanga. Watenga kiyi kwa alonda, wasesa, wayala mabenchi mozungulira, ndipo ngati m'thumba muli kangachepe, watereka madzi a tiyi. Nayenso adamwapo mpaka kugona m'ngalande. Palibe amene amamulipira. Masiku ena pamabwera anthu khumi, masiku ena awiri, ndipo nthawi ya dzinja amatha kukhala yekha ola lathunthu n'kutseka chitseko osaona munthu. Sabata yotsatira amabweranso. Lero tikuvulira chipewa munthu ameneyu pamodzi ndi anzake onse amene amasunga misonkhano ya anthu othandizana kusiya mowa.

Kwathu kuno mowa ndi wa pagulu. Chipanda chimazungulira pa dima, pa ukwati, pa sadaka ndi pomwe anthu amaliza kukamba mlandu. Choncho munthu akati wasiya, pamodzi ndi mowawo amataya anzake, nthabwala, malo okhala madzulo, ngakhalenso dzina limene ankamutchula kumowako. Akadutsa amamukuwa: "Achimwene, mwalowa mpingo uti? Bwerani mungonyowetsa kukhosi, simufa ayi!" Abale amene amamufunira zabwino amamuuza kuti angolimba mtima, koma chibaba sachidziwa. Ankhoswe amaweruza, abusa amapemphera, adokotala amachenjeza za chiwindi, ndipo zonsezi n'zofunika. Koma 5 koloko ikamakwana, aliyense wa iwowa amakhala ali kwawo. Nzeru ya magulu amenewa yagona pa kuzindikira kuti ludzu lofuna anzako, limene limakokera munthu kumowa, lingathenso kumutulutsako. Paja kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Gulu lodziwika kwambiri pa dziko lonse, la Alcoholics Anonymous, limene ambiri amangoti AA, lidayambadi ndi anthu awiri. M'mwezi wa Meyi chaka cha 1935, Bill Wilson, munthu wa bizinesi ya masheya wa ku New York, adapita mumzinda wa Akron m'chigawo cha Ohio ku America pa nkhani ya malonda, ndipo malondawo adakanika. Apa n'kuti atatha miyezi isanu osalawa mowa. Adapezeka ali yekhayekha pamalo olandirira alendo mu hotela ya Mayflower, uku akumva anthu akuseka mu bala ya hotelayo. Adadziwa kuti akangolowamo, zake zada. M'malo mwake adapita pa foni n'kuyang'ana mndandanda wa mipingo umene udali pomwepo, nayamba kufunsa ngati kuli chidakwa china mumzindamo choti acheze nacho. Sankafuna woti amumvere chisoni. Adali ataona kuti iye amalimba pamene akulankhula ndi munthu wa vuto ngati lake.

Mafoni aja adamufikitsa kwa Dr. Bob Smith, dokotala wa maopaleshoni amene mowa udali utamufooketsa. Dokotalayo adavomera monyinyirika, nati amupatsa mphindi 15 zokha. Adacheza maola ambiri mpaka usiku. Chimene chidamugwira mtima Smith n'chakuti mlendoyu sadabwere kudzamulalikira kapena kumuuza za chiwindi, zimene iye monga dokotala ankazidziwa kale. Ankangosimba za uchidakwa wake, ndipo Smith ankakhala ngati akumva mbiri ya iye mwini. Tsiku la 10 Juni 1935, limene AA imati Smith adamwa komaliza, ndi limene limawerengedwa kuti gululi lidabadwa. Buku lawo lidatuluka mu 1939 mamembala ali pafupifupi 100. Masiku ano AA imati ili ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni m'mayiko pafupifupi 180.

Amene sanalowemo amaganiza kuti m'chipindamo mumachitika maphunziro kapena ulaliki. Mulibe mphunzitsi. Msonkhano umatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo woutsogolera ndi mmodzi mwa iwo omwe, lero uyu, mawa wina. Wofuna kulankhula amatchula dzina lake loyamba lokha, navomera pamaso pa anzake kuti ndi chidakwa, kenako nasimba zake. Anzake samudula mawu, samufunsa mafunso ngati kubwalo la mfumu, ndipo samupatsa uphungu umene sanaupemphe. Wina akasimba mmene adapinyolitsira wailesi ya apongozi ake, nkhani imene kunja anthu akadagwira nayo pakamwa, m'chipindamo mumabuka chikhakhali, poti aliyense ali nayo yake yoposa pamenepo. Kusekako ndiko kumasula manyazi amene munthu wasenza zaka zambiri. Mlendo amene sakufuna kulankhula amaloledwa kukhala chete. Msonkhano ukatha wina amamupeza pakhomo. "Achimwene, za chaka chamawa musalonjeze. Lero lokhali musamwe. Nayi nambala yanga. Chibaba chikakugwirani usiku, ngakhale mungoflasha, ndikuimbirani."

Pali malamulo angapo a AA amene ife, ozolowera misonkhano ya m'mahotela a kunyanja, tiyenera kuwasinkhasinkha. Choyenereza munthu kukhala membala n'chimodzi chokha, kufuna kusiya mowa. Safunsa kalata ya mfumu, chitupa, mpingo kapena mtundu. Ndalama yolowera kulibe; mbale imangozungulira, amene ali nako kanthu aponye, amene alibe apatsire mnzake. Ndipo gulu limakana thandizo la ndalama lochokera kwa anthu amene si mamembala. Lamulo limeneli lili ndi mbiri yake. Poyamba Bill Wilson ankalota zipatala zawozawo ndi antchito olipidwa, mpaka adakagogoda kwa mpondamatiki John D. Rockefeller Jr. Iyeyu adangopereka madola 5,000 mu 1938, poopa kuti ndalama zambiri ziwononga ntchitoyo. Patapita nthawi eni ake adavomereza kuti kumanidwa kuja ndiko kudawapulumutsa. M'mayiko athu ano, momwe magulu ambiri amabadwa pulojekiti ikabwera n'kufa galimoto ya bungwe ikasiya kuoneka, gulu lokumana sabata ndi sabata popanda alawansi, matisheti kapena zoziziritsa kukhosi ndi chinthu chosowa.

Kuyamikira kwathuku kuli ndi pogwira. Kwa zaka zambiri akatswiri ena a zaumoyo ankakayikira kuti zidakwa zongokhala pansi n'kumacheza zingachite chimene madokotala amavutika nacho. Mu 2020 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo, lidatulutsa lipoti lolembedwa ndi John Kelly, Keith Humphreys ndi Marica Ferri. Iwowa adaunika kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 27, wokhudza anthu 10,565. Adapeza kuti kumene achipatala adatsata ndondomeko yolowetsera odwala m'magulu a AA, anthu 42 mwa 100 alionse adatha chaka chathunthu osalawa mowa, pamene mwa amene adalandira uphungu wa mitundu ina adali 35 mwa 100. Ziwerengerozi tiziwerenge mbali zonse. Zikuonetsa kuti njirayi imathandiza, komanso zikuonetsa kuti oposa theka adamwanso chaka chisanathe. Ndiponso kafukufuku wambiri adachitikira ku America, komwe moyo ndi wosiyana ndi wa ku Ndirande kapena ku Chipata. Tingoti amene wagwa asadzione ngati ndi iye yekha wolephera. Kugwa kumachitika, ndipo ubwino wa magulu amenewa ndi wakuti wogwayo akabwerera, benchi lake amalipeza lilipo.

Vutoli ndi lalikulu kuposa mabenchi amene ayalidwa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu 2024 kuti m'chaka cha 2019 mowa udapha anthu 2.6 miliyoni, ndipo anthu 209 miliyoni adali oti sangathe kukhala osamwa. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfa zotere zidachuluka kwambiri ku Ulaya ndi kuno ku Africa. Maboma athu sadangokhala. Dziko la Zambia lidaletsa tujilijili mu 2012, Malawi nayenso adaletsa mowa wa m'masacheti, ndipo mu 2017 adakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Zimenezi n'zoyenera. Koma tonse tidaona masacheti akusanduka timabotolo, ndipo kachasu akutchezedwabe kuseri kwa nyumba. Lamulo lingathe kulanda munthu chimene wagwira m'manja, koma chibaba chili m'thupi mwake sililanda. Munthu amene mowa udamulowerera kale amasowa wina woti akhale naye pansi madzulo a Lachitatu.

Tsono wofuna gulu lotere ayambire pati? Ife tikuti ayambire kuchipatala, ndipo chifukwa chake n'chokhudza moyo. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku sayenera kusiya mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Pakangopita maola angapo thupi limayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka, mseru umabwera, tulo timasowa. Ena amagwa ngati akhunyu. Pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonekera mutu, kumaona zinthu zimene palibe, ndipo pamenepa munthu angathe kufa ngati salandira mankhwala. Kumudzi abale amathamangira kuti amulodza, n'kutaya masiku ofunika kwa asing'anga. Gulu la anzake si chipatala, ndipo magulu odziwa ntchito yawo amanena okha zimenezi. Ngakhale ku Akron komweko, kuyambira mu 1939, Dr. Bob ankagwira ntchito ndi sisitere wina, Sister Ignatia, amene ankagoneka zidakwa pa chipatala cha St. Thomas kuti ziyambe zadutsa masiku oopsawo.

Ku Malawi, m'zipatala za maboma mumakhala anamwino kapena madokotala oona za matenda a maganizo. Kulinso chipatala cha Zomba Mental, ndiponso a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amene ali ndi ntchito yapadera yothandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ku Zambia kuli chipatala cha Chainama Hills ku Lusaka. Pamalo ngati amenewa wodwala kapena womudikirira asachite manyazi kufunsa kuti, "Adokotala, kodi anthu amene mwawatulutsa kuno amakumana kuti?" Safunsa adadya phula. Khomo lina logogoda ndi la ansembe, abusa kapena mashehe, poti misonkhano yambiri imabwereka zipinda za kumalo opempherera, ndipo wosunga makiyi amadziwa amene amazigwiritsa ntchito. Wofunsayo adziwenso kuti ku AA misonkhano ili mitundu iwiri. Ina ndi ya aliyense, moti mkazi, mwamuna kapena mbale angathe kuperekeza. Ina ndi ya okhawo amene ali ndi vuto la mowa.

Abale athu amene ali ku Joni ndi ku Mangalande ali ndi mwayi woposa wathu, ngakhale ambiri saudziwa. AA idafika ku South Africa mu 1946 ndipo ku Britain mu 1947, ndipo m'mayiko onse awiriwa muli nambala za foni zothandizira anthu komanso mndandanda wa misonkhano pa intaneti, woonetsa dera, tsiku ndi ola. Mnyamata wogwira ntchito m'munda wa maluwa ku Johannesburg, kapena mayi wosamalira okalamba ku Manchester, angathe kupeza msonkhano pafupi ndi pomwe amakhala, ndipo palibe amene akamufunse mapepala. Kuyambira nthawi ya Covid-19 mu 2020, misonkhano yambiri imachitikanso pa Zoom, moti munthu wa ku Mchinji amene ali ndi foni ndi bandulo angathe kulowa nawo. Amene msonkhano woyamba sunamukomere asafulumire kutaya mtima. Magulu amasiyana ngati mabanja, ndipo n'kwanzeru kuyesako angapo.

AA si njira yokhayo, ndipo kunena zimenezi sikuichepetsa. Mfundo zake 12 zimakamba za Mulungu monga mmene munthu mwini akumumvera, ndipo gululi silili pansi pa mpingo uliwonse, komabe alipo amene chilankhulo chimenechi sichiwakhala bwino. Otere angayese SMART Recovery, gulu limene lidayamba mu 1994 ndipo limatsamira pa njira za akatswiri a maganizo. Amene akufuna za mumpingo zenizeni ali ndi Blue Cross, imene idayamba ku Geneva mu 1877, kapena gulu la Akatolika la Pioneer, limene lidayamba ku Dublin mu 1898. Banja nalo limadwala. Mayi amene watha zaka akubisa ndalama m'thumba la ufa ndi kunamiza abwana a mwamuna wake kuti akudwala malungo, nayenso amasowa womumvera. N'chifukwa chake mu 1951 Lois Wilson, mkazi wa Bill, adathandiza kuyambitsa Al-Anon, gulu la abale a zidakwa, ndipo mu 1957 kudabwera Alateen ya ana awo achisodzera.

Pali zina zimene zikuperewera, ndipo mnzako weniweni ndi amene amakuuza. Misonkhano yambiri ili m'matauni ndipo imachitika m'Chingerezi, pamene kachasu akupha anthu olankhula Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao. Amayi nawo ali pamavuto awiri. Mwamuna woledzera anthu amangoti ndi mmene alili amuna, koma mkazi woledzera amamutchula mayina oti sitingawalembe pano, ndipo akalimba mtima n'kufika pamsonkhano, kawirikawiri amapeza amuna okhaokha. Misonkhano ya amayi okha ndi yofunika, ndipo mwamuna aliyense amene amatenga msonkhano ngati malo ofunsirapo mbeta ayenera kudzudzulidwa ndi anzake msangamsanga. Chinanso ndi chinsinsi. Mumzinda waukulu munthu angathe kukwera basi n'kukasonkhana kumene samudziwa. Pa tauni yaing'ono, wokhala naye benchi limodzi angakhale mlamu wake kapena mphunzitsi wa mwana wake. Nkhani imodzi yokha ikatuluka m'chipindamo n'kukamveka kumjigo, gululo latha. Choncho magulu amene akwanitsa zaka akusunga pakamwa, pakati pa anthu okonda miseche ngati ife, achita chinthu chachikulu.

Sitiyenera kuona zimenezi ngati nzeru zachilendo. Tidaziona ndi maso athu pa nthawi imene Edzi inkatha anthu. Pamene kutchula matendawa kudali kovuta, anthu ochepa amene adali ndi kachilombo ka HIV adayamba kukumana, ndipo mu 1993 kudabadwa bungwe la NAPHAM. Magulu othandizana adafalikira mpaka kumidzi, ndipo ambiri amene akumwa ma ARV mokhulupirika lero adalimbikitsidwa ndi mnzawo amene adawauza kuti nanenso ndili momwemo. Amayi athu amayendetsa banki m'khonde sabata iliyonse, amasunga nthawi, amasunga kabuku, amasunga chinsinsi cha ngongole za anzawo. Luso lokumana tili nalo kale. Ndipo mwambo wa AA umalola kuti ngakhale anthu awiri kapena atatu amene akumana n'cholinga chosiya mowa adzitche gulu. Kumene kulibe msonkhano, anthu awiri amene adadziwana m'wodi ya chipatala angathe kuuyambitsa pansi pa mtengo wa mango.

Kuthokoza kwa pakamwa pokha sikukwanira, choncho tili ndi zopempha. Lipoti la Cochrane lija lidaonetsa kuti zinthu zimayenda bwino pamene achipatala achitapo kanthu kuti wodwala akafikedi kugulu. Tikupempha anamwino ndi madokotala kuti asamangoti "mukasiye mowa" potulutsa munthu. Pakhoma la wodi pakhale pepala lonena tsiku, ola ndi malo, ndipo ngati n'kotheka wina wa m'gulu abwere adzamuone wodwalayo asanatuluke. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti abwereketse zipinda popanda kulamula kuti olowamo atembenuke, ndiponso popanda kusuzumira kuti aone ngati mkulu wa mpingo uja ali momwemo. Mawailesi a m'madera alengeze malo ndi nthawi kwaulere, osatchula dzina la munthu. Mabwana alole wantchito kuweruka msangako tsiku la msonkhano, poti ola limodzi limenelo n'lotsika mtengo kuposa Lolemba lililonse la matsire. Ndipo inu mayi, bambo a ana akabwera kuchokera kumsonkhano, musawafunse kuti kunali ndani ndipo ananena chiyani. Ingowapatsani madzi osamba m'manja.

Woyala mabenchi uja mukamuthokoza amakana. Amati, "Iyayi bambo, musandithokoze. Ine ndikapanda kubwera kuno, ndikudziwa kumene miyendo yangayi ingandifikitse." Akunena zoona, ndipo ndi zomwe zija Bill Wilson adazindikira ataima pa foni ku Akron, kuti pogwira dzanja la mnzake nayenso amapeza pogwira. Komabe ife tikumuthokoza, chifukwa ana ena adya nsima lero ndi ndalama imene ikadathera kwa mayi a kachasu. Madzulo ena, ali yekha m'chipindamo, amamva mapazi akudutsa pakhomo, kubwerera, n'kudutsanso. Iye satuluka kukamukoka munthuyo, poti nayenso tsiku lake loyamba adazungulira chimodzimodzi. Amangokankha chitseko kuti chitsekuke pang'ono, n'kutulutsa kapu yachiwiri.